Mpando ndi pogona pa World Series: mmene ndimasankhira

Mlamu wanga atandiimbira foni kuti akufuna akaonere World Series ndi maso ake, funso lake loyamba linali la tikiti. Ndinamuyankha kuti, "Alamu, tikitiyo isiyeni kaye, tiyambe ndi pogona." Anadabwa, chifukwa aliyense amaganiza kuti chosowa ndi mpando wa m'bwalo. Mpando umapezeka, bola ndalama. Chimene chimazunza anthu n'chakuti mpikisano umenewu sudziwika msanga kuti udzachitikira mzinda uti, magemu adzakhala angati, ndiponso gemu idzatha nthawi yanji usiku. Kasankhidwe kanga konse kamachokera pa zinthu zitatu zimenezi.

World Series ndi mpikisano wotsiriza wa Major League Baseball, ligi yaikulu ya masewero a baseball ku America ndi Canada, ndipo unayamba mu 1903. Akatswiri a American League amakumana ndi akatswiri a National League, ndipo timu yoyamba kupambana magemu 4 ndiyo imanyamula chikho. Ndiye kuti magemu akhoza kuthera pa 4, akhozanso kufika 7. Malo sasankhidwiratu ngati mmene zimakhalira ndi Super Bowl, gemu yotsiriza ya American football. Magemu awiri oyamba amaseweredwa kwawo kwa timu imene inapambana magemu ambiri mu sizoni, atatu otsatira kwawo kwa inzake, kenako awiri omaliza amabwerera kumene anayambira. Zaka zaposachedwazi akhala akuyamba Lachisanu chakumapeto kwa Okutobala.

Taonani mmene zinalili mu 2025. Los Angeles Dodgers anali atafika kale, koma Toronto Blue Jays ndi Seattle Mariners analimbana mpaka gemu ya 7, Lolemba pa 20 Okutobala. Toronto inali itapambana magemu 94 mu sizoni, Dodgers 93, Seattle 90. Choncho mpaka usiku wa Lolemba umenewo panalibe amene ankadziwa ngati gemu yoyamba ya Lachisanu pa 24 idzakhala ku Toronto kapena ku Los Angeles. Masiku anayi okha oti munthu apeze ndege ndi chipinda. Toronto kukhalanso ku Canada, woyenda ndi pasipoti yofuna viza anayenera kukhala ndi ya Canada payokha, poti ya America sigwira ntchito kumeneko.

N'chifukwa chake ine ndimasungitsa chipinda matimu akatsala anayi, osadikira kuti atsale awiri. Ndimasungitsa m'mzinda uliwonse umene ndingathe kupitako, koma pa mtengo umene umalola kusintha maganizo osalipira kanthu. Mtengo umenewu umakhala wokwererako pang'ono poyerekeza ndi wolipiriratu, koma kusiyana kwake n'kochepa mukakuyerekeza ndi mmene mitengo imakwerera timu ikangopambana. Werengani mosamala tsiku ndi ola lomaliza lobwezera chipindacho, ndipo mulilembe pafoni kuti likukumbutseni. Mahotela ena amasintha malamulo awo pa masiku a zochitika zazikulu, n'kufuna kuti mudziwitse masiku angapo m'mbuyo kapena mugone mausiku osachepera awiri. Mukangodziwa mzinda weniweni, bwezani zipinda zinazo tsiku lomwelo, kuti ena amene akusowa pogona apeze.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china ndinagula tikiti ya gemu ya 6, n'kulipiriratu chipinda cha mausiku awiri pa hotela ina chifukwa mtengo wake unandikopa. Mpikisano unathera pa gemu ya 5. Ndalama ya tikiti inabwerera yokha pakhadi patapita masiku, monga mmene zimakhalira ndi gemu imene sinaseweredwe, koma ya hotela ndi ya ndege inapita. Panalibe amene anandinamiza, zonse zinalembedwa papepala limene ndinavomera. Zinandipweteka kwa miyezi, chifukwa ndalamayo ndinaisunga chaka chathunthu.

Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wochokera kutali kuti agule ya gemu 1, 2, 3 kapena 4, chifukwa amenewa aseweredwa basi. Gemu 5, 6 ndi 7 ndi a "ngati padzafunike." Ndikudziwa kukoma kwake, mtima umafuna kudzakhalapo usiku umene chikho chikuperekedwa, ndipo amene anali ku Toronto pa gemu ya 7 mu 2025 kapena ku Cleveland mu 2016, pamene Chicago Cubs anapambana koyamba chichokere 1908, sadzaiwala mpaka kalekale. Koma zimenezo n'zoyenera munthu wokhala pafupi, kapena amene tikiti yake ya ndege imasinthika. Gemu ya 4 ndi yabwino kwa wofuna zonse ziwiri: iseweredwa ndithu, ndipo nthawi zina chikho chimaperekedwa pomwepo.

Pali msampha wina pa kalembedwe ka matikiti umene umagwira anthu chaka ndi chaka. Matimu amagulitsa matikiti asanadziwe kuti adzayambira kwawo kapena koyenda, ndiye salemba nambala ya gemu ya mpikisano. Amalemba kuti Home Game 1, Home Game 2, kutanthauza gemu yoyamba kapena yachiwiri ya pabwalo limenelo. Kwa timu yoyambira koyenda, Home Game 1 ndi gemu ya 3 ya mpikisano, ndipo Home Game 3 ndi gemu ya 5, imene mwina sidzaseweredwa. Kwa timu yoyambira kwawo, Home Game 3 ndi gemu ya 6. Musanalipire, yerekezani tikitiyo ndi tsiku la pakalendala, osangodalira nambala.

Ngakhale tsikulo limasuntha. Mu 2022 mvula inachititsa kuti gemu ya 3 ku Philadelphia ichoke pa 31 Okutobala n'kupita pa 1 Novembala, ndipo magemu otsatira anasunthanso. Mu 2008, mumzinda womwewo, gemu ya 5 inaimitsidwa pakati chifukwa cha mvula n'kudzamalizidwa patapita masiku awiri. Tikiti imatsata gemu, koma chipinda ndi ndege zimatsata tsiku. Ngati bwalo lilibe denga, onjezerani usiku umodzi wobwezeka kumapeto kwa ulendo wanu. Ku Toronto, Houston, Phoenix, Arlington, Milwaukee, Seattle ndi Miami mabwalo ali ndi denga lotseka, kumeneko mtima ukhoza kukhala pansi.

Tsopano pogona pakhale pati? Ambiri amathamangira hotela yoyandikana ndi sitediyamu, ndipo imeneyo ndi imene imadzaza msanga n'kukwera mtengo koposa. Ine ndimayang'ana mapu a sitima. Chipinda chimene chili pa mzere wa sitima yopita kubwalo, ngakhale chitalikire masiteshoni khumi, chimaposa chapafupi chimene chimafuna galimoto. Ku New York, Yankee Stadium ili ku Bronx pa siteshoni ya 161st Street, pamene pamadutsa sitima nambala 4 ndi ya D, ndiye mukhoza kugona ku Manhattan n'kufika osasintha sitima. Ku Chicago, Wrigley Field ili pafupi ndi siteshoni ya Addison pa Red Line. Ku Philadelphia mumatsika ndi Broad Street Line mpaka kumapeto kwake chakummwera. Ku Boston, Green Line imakusiyani pa Kenmore, n'kuyenda pang'ono kufika ku Fenway Park. Ku Toronto n'kosavuta kuposa konse: Rogers Centre ili pakati pa mzinda, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Union Station.

Mizinda ina ilibe mwayi umenewu. Dodger Stadium ili paphiri ndipo sitima sifikako, koma pamakhala basi ya Dodger Stadium Express yochokera ku Union Station ya ku Los Angeles, ndiye kugona chapafupi ndi siteshoniyo n'kwanzeru. Ku Arlington, kumene kuli bwalo la Texas Rangers, kulibe sitima za mumzinda, ndipo Truist Park ya Atlanta Braves ili kunja kwa mzinda kumene sitima ya MARTA sifika. M'malo ngati amenewa ndimasintha maganizo: ndi bwino kulipira zambiri kuti ndigone poyenda pansi, chifukwa gemu ikatha anthu masauzande amaitanitsa Uber nthawi imodzi, mtengo n'kukwera, galimotozo n'kumangoima pamsewu.

Funso limene ambiri amaiwala ndi lobwerera. Magemu amayamba cha m'ma 8 koloko usiku pa nthawi ya ku New York. Chiyambire 2023, pamene anaika wotchi yowerengera woponya mpira, magemu afupikako, komabe baseball ilibe mphindi 90 zoti ithe. Gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning, ndipo zigoli zikafanana pakutha pa inning ya 9, amapitiriza mpaka wina apambane. Gemu ya 3 mu 2018, ya Dodgers ndi Boston Red Sox, inafika ma inning 18 ndipo inatenga maola 7 ndi mphindi 20. Mu 2025 gemu ya 3 inafikanso ma inning 18 pabwalo lomwelo la Dodger Stadium. Ndiye fufuzani kuti sitima yomaliza imanyamuka nthawi yanji. Sitima zapansi za ku New York ndi Red Line ya ku Chicago zimayenda usiku wonse, pamene za ku Boston zimaima pakati pa usiku pakangodutsa pang'ono. Palibe chowawa ngati kutuluka m'bwalo gemu ili pachimake chifukwa choopa kusowa chokwera.

Pa mtengo wa chipinda, dziwani kuti nambala yoyamba imene mumaona nthawi zambiri sikhala ndi msonkho, ndipo poimika galimoto m'mizinda ikuluikulu amalipiritsa padera. Mukafika amatsekeranso ndalama ina pakhadi yanu ngati chikole mpaka mutatuluka. Nyumba za pa Airbnb zimathandiza mukakhala gulu, koma ine pa ulendo woterewu ndimaziopa, chifukwa mwini nyumba akasintha maganizo kutatsala masiku awiri, mzinda wonse umakhala utadzaza. Ku New York n'zosowanso, poti kuyambira mu Seputembala 2023 mzindawo unakhwimitsa kwambiri malamulo a nyumba zobwereketsa masiku ochepa.

Tibwere ku mpando, kumene mtima wanga uli.

Munthu wobwera koyamba amafuna kukhala pansi penipeni, pafupi ndi kapinga. Ndimamumvetsa. Koma baseball si masewero oti maso azingotsata mpira umodzi. Womenya akaumenya, zinthu zinayi kapena zisanu zimachitika nthawi imodzi: wa ku outfield, mbali yakutali ya bwalo, akuuthamangira, amene anali pa base yoyamba (ma base ndi malo amene wothamanga amaponda pozungulira kuti agoletse) wadutsa kale yachiwiri, mphunzitsi wa pa base yachitatu akuzunguza mkono kuti asaime, wowakha waima pa home plate, pamene womenya amamenyera mpira, kudikira. Mukakhala pansi kwambiri, makamaka chakutali motsata mzere wa foul, umene ndi malire a m'mbali mwa bwalo, mumaona miyendo ya anthu ndi msana wa woyimbira, ndipo simudziwa ngati mpira wagwa mkati kapena kunja. Mukakwera pang'ono, bwalo lonse limatseguka ngati chikhatho.

Ndiye lamulo langa n'lakuti: khalani pakati pa base yoyamba ndi yachitatu, kuzungulira kumbuyo kwa home plate, ndipo kwerani mpaka pamene thumba lanu likulola. Mizere yakutsogolo ya nsanja yam'mwamba, kumbuyo kwa home plate, ndi mipando imene ndimaikonda kuposa yonse poyerekeza ndi mtengo wake. Ndinakhalapo pamenepo usiku wina wozizira, pa mzere wachitatu. Woponya amaima mamita 18 okha ndi pang'ono kuchokera kwa womenya, ndipo kuchokera pamwambapo ndinkaona mpira ukuchoka m'dzanja lake, ukubwera molunjika, kenako n'kukhotera pansi mwadzidzidzi womenya atazunguza kale ndodo. Ndinkaonanso osewera a ku outfield akusuntha masitepe angapo kumanzere womenya wina asanafike n'komwe, chinthu chimene pa TV sachionetsa. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga anali ndi kabuku kolembamo gemu yonse ndi pensulo, ndipo sanayang'ane chikwangwani cha zigoli ngakhale kamodzi.

Pa nsanja yapansi, chenjerani ndi mizere yakumbuyo. Imakhala kunsi kwa nsanja yam'mwamba, ndipo ngakhale imakutetezani ku mvula, denga limakubisirani thambo. Mpira ukamenyedwa m'mwamba umasowa, mumangomva anthu akukuwa, n'kumadikira kuti mudziwe ngati watuluka. Chikwangwani chachikulu nachonso chimabisika. M'mabwalo akale muli nsanamira zachitsulo zogwira nsanja. Fenway Park, yotsegulidwa mu 1912, ndi Wrigley Field ya mu 1914, onse ali nazo, ndipo mpando wina umapezeka kuti nsanamira yaima pakati pa inu ndi woponya mpira. Ku Fenway kulinso mipando ya chakumanja kwa bwalo imene inayang'ana ku outfield m'malo moyang'ana ku home plate, moti mumakhala chopotoza khosi maola atatu. Mabwalo amenewa ndi okoma zedi, mbiri yake imamveka m'thupi, koma musagule mpando wake musanaone chithunzi. Pa intaneti pali masamba ngati A View From My Seat pamene oonera amaika zithunzi zojambulidwa pa mipando yawo. Funani chigawo chanu ndi mzere wanu weniweni, chifukwa mizere iwiri yokha imasintha zonse. Tikiti ikalembedwa kuti obstructed view kapena limited view, khulupirirani zimenezo.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamasautsa ndi kanjira ka masitepe. Mpando wa m'mphepete ndi wabwino potuluka, koma ngati kanjirako kali pakati pa inu ndi home plate, usiku wonse muzingoona anthu okwera ndi otsika ndi ogulitsa zakumwa. Sankhani mbali imene kanjira kali kumbuyo kwa phewa lanu pamene mukuyang'ana womenya.

Za ukonde woteteza oonera ku mpira, ena amadandaula kuti umatchinga. Pofika mu 2018 matimu onse 30 anali atatalikitsa ukonde mpaka kumapeto kwa dugout, kumene osewera amakhala, ndipo ambiri anaupitirizanso. Ine sindiudandaula. Pakapita mphindi zochepa maso amauiwala, ndipo mpira wa foul umatha kubwera pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Mukakhala ndi ana kapena achikulire, khalani kumbuyo kwa ukonde kapena m'mwamba.

Mipando ya ku outfield, kuseri kwa mpanda, ndi ya anthu okonda phokoso. Kumeneko n'kumene home run, mpira womenyedwa mpaka kudumpha mpanda, imagwera, ndipo nyimbo ndi chikuwo zimayambira komweko. Koma womenya amaoneka ngati kadontho, ndipo zochitika m'munsi mwa mpanda umene mwakhalapo simuziona. Mabenchi ena alibe chotsamira. Matikiti oimirira, a standing room, ndi otsikirako mtengo, koma muyenera kulowa zipata zikangotsegulidwa kuti mupeze poima pabwino, ndipo mukachokapo papita.

Ngati mumachemerera timu yoyenda, funani mipando ya kumbuyo kwa dugout yawo, kumene anzanu amasonkhana. Mbali yake imasiyana bwalo ndi bwalo. Yankees ndi Red Sox amakhala mbali ya base yoyamba akakhala kwawo, pamene Dodgers ndi Cubs amakhala mbali ya base yachitatu, alendo n'kutenga inayo.

Dzuwa si nkhani yaikulu kummawa kwa America poti gemu imayamba kutada, nkhani kumeneko ndi kuzizira. Kumapeto kwa Okutobala ku New York, Boston, Chicago kapena Cleveland mphepo imalowa m'mafupa, makamaka mizere yapamwamba penipeni, ndiye valani zingapo zophatikiza, chipewa ndi magolovesi. Ku California n'zosiyana: 8 koloko ya ku New York ndi 5 koloko madzulo kumeneko, dzuwa likadalipo. Pa Dodger Stadium mbali ya base yachitatu ndi imene imayamba kulowa mumthunzi, pamene a mbali ya base yoyamba ndi ku right field, mbali yakumanja ya outfield, amayamba gemu dzuwa lili m'maso.

Kogula matikiti kuli kuwiri. Matimu amayamba kugulitsa kwa amene ali ndi matikiti a sizoni yonse, otsala ochepa n'kupita kwa anthu wamba kudzera pa tsamba la timu, nthawi zina mochita mayere, choncho lembetsani msanga mu Seputembala. Ambirife timagula kwa ogulitsanso, pa SeatGeek, imene ili pa mgwirizano ndi ligi kuyambira 2023, kapena pa StubHub. Mitengo ndi yoopsa. Mu 2024, pamene Dodgers anakumana ndi Yankees, ngakhale mipando yakutali inkadutsa madola 1,000. Yang'anani mtengo womaliza, wophatikiza zolipira zonse, musanayerekeze tsamba lina ndi linzake. Mitengoyo imayenda ndi zotsatira: timu ya pakhomo ikagonja magemu awiri kapena atatu oyamba, eni matikiti amataya mtima n'kutsitsa, koma ikatsala pang'ono kunyamula chikho pakhomo, mtengo umauluka. Mpando umodzi wokha umapezeka mosavuta kuposa iwiri yoyandikana. Ine ndi mlamu wanga tinagula yotalikirana mizere inayi, n'kumakodolana chinthu chikachitika. Kwa munthu woima panja pa bwalo kapena wa pa Facebook amene akufuna mumutumizire ndalama kaye, musagule. Matikiti masiku ano ndi a pafoni, ambiri amalowa mu pulogalamu ya pafoni ya ligiyi yotchedwa MLB Ballpark, ndipo chithunzi chojambula cha tikiti sichikulowetsani.

Tsiku la gemu, tsegulani tikitiyo pafoni muli kuhotela, chifukwa pachipata netiweki imalemedwa ndi unyinji wa anthu, ndipo foniyo ichoke ili yodzaza moto. Werengani malamulo a zikwama a bwalo limenelo, ena amalola kachikwama koonekera mkati kokha, ndipo mabwalo ambiri salandiranso ndalama zapamanja, n'khadi basi. Chikwama chachikulu chisiyeni kuhotela, amasunga ngakhale mutatuluka kale m'chipinda. Fikani kutatsala maola awiri. Mudzaona osewera akuyeserera kumenya, mudzapeza mpando wanu kukadali bata, ndipo pa gemu yoyamba ya bwalo lililonse amaitana osewera onse mmodzimmodzi n'kundanda pa mizere yoyera nyimbo ya fuko isanayimbidwe.

Ndege yobwerera ikhale ya masana a tsiku lotsatira, osati ya m'mamawa. Mlamu wanga ankafuna ya 6 koloko m'mawa kuti apulumutse ndalama ya usiku umodzi, ndipo ndinamuuza kuti, "Alamu, gemu ikafika inning ya 12 mudzakhala mukuyang'ana wotchi m'malo moyang'ana bwalo." Anasintha n'kutenga ya 2 koloko masana. Usiku umenewo tinatuluka m'bwalo pafupifupi omalizira, oyeretsa atayamba kale kusesa makoko a mtedza m'mizere, ndipo sitima tinaipeza ili ndi malo okhala.